Achemwali a ku Leeds afunsa za ma gemu owopsa, ine ndakumbuka agalu aja

Imelo iyi yakhala mu foni mwanga masiku anayi ndisanaiyankhe, osati kutangwanika ayi, ndimangoitsegula nkuitsekanso. Alemba ndi achemwali ena ake amene ali ku Leeds, amagwira ntchito yosamalira nkhalamba, akuti anzawo amene amakhala nawo nyumba imodzi apangana kuti Loweruka lililonse la October mpaka usiku wa Halloween azisewera ma gemu owopsa pabalaza. Iwo ndi amantha, ndipo amayi awo kuno atamva pa WhatsApp anangoti mwana wanga usakaitane ziwanda m'dziko la eni. Ndiye akufunsa kuti ayambe ndi gemu iti, komanso ngati akulakwa.

Mwandikhudza pachilonda achemwali. Ine amene ndimalemba za ma gemu ngati dolo pano, ku Chilomoni kukadali anthu amene dzina langa la ubatizo analiiwala kalekale, akandiona amangoti "Agalu, mwaswera bwanji", ena mwa iwo ndi azibambo a imvi tsopano, ndipo akazi anga tsiku loyamba kumva zimenezi anayesa kuti anditukwana. Ndifotokoze kaye. Yankho lanu lili kumunsi uko, ngati mwachedwa ku shifiti ingotsikani, sindikwiya.

Chinali chaka cha 2002, ndili fomu 1. Kuseli kwa msika kunali kanyumba kena, mbali imodzi amaonetsa vidiyo, mbali inayo mkulu wina anaika PlayStation yoyamba ija, yotuwa, ya chivundikiro chotsegukira m'mwamba, ndi ka TV kamene kamafuna kaye mbama pambali kuti kaonetse mitundu. Timalipira makobidi kusewera mphindi zingapo, ambirife mpira kapena Tekken 3, wogonja apereke kontrola kwa mnzake basi. Koma mu kachikwama ka ma diski munali ina yongolembedwa RE ndi cholembera chakuda, mkuluyo sankakonda kuiika chifukwa amasewera munthu mmodzi ena onse nkumangoyang'ana, ndalama sizilowa. Tsiku lina mvula inatitsekera mmenemo, tinalipo anyamata asanu ndi awiri kapena kuposa, anati chabwino lero muone zoopsa, ndipo pazifukwa zimene mpaka lero sindizimvetsa kontrola anandipatsa ine.

Inali Resident Evil, ya kampani ya Capcom ya ku Japan, inatuluka mu 1996, kutanthauza kuti ife timaiona ili kale ndi zaka 6 koma kwa ife inali yatsopano ngati yaphulidwa lero. Ndinasankha Jill Valentine chifukwa mkulu uja anati mkaziyo amanyamula katundu wambiri, ndipo ndi zoona, iye ali ndi malo 8 pamene mnzake wamwamuna Chris ali ndi 6 okha. Uli m'chinyumba chachikulu pakati pa nkhalango, kamera siikutsatira iwe, imangokhala pakona ngati mlonda waulesi, ndiye umamva china chake chikubuula koma suchiona mpaka utachiyandikira, ndipo kutembenuka kwake kuli ngati lole yodzaza chimanga ikubwerera m'mbuyo pamsewu wopapatiza. Zombi yoyamba ija yotembenuza mutu pang'onopang'ono ndinaipirira, anzanga akukuwa kuti iombere iombere. Kenako ndinalowa mu kolido ina yaitali, ya mawindo mbali imodzi, mulibe kanthu, kuli zii, mpaka ndinayamba kudzimva kuti aaa gemu yake ndi yomweyi. Galasi linangoti phwaa, galu walowa. Ndisanapume, phwaa winanso kutsogolo.

Zimene zinachitika ndimazimva kwa anzanga chifukwa ine sindikumbuka bwino. Akuti ndinakuwa kuti "mayooo agalu!" ndi mawu a mwana wa sitandade 2, ndinaponya kontrola m'mwamba, ndipo popeza ma kontrola a nthawi imeneyo anali a chingwe, PlayStation yonse inatsatira mpaka pansi. Mwamwayi sinafe. Mkuluyo anandiletsa kulowamo sabata ziwiri, dzina lija ndiye linakhala mpaka kalekale.

Koma chimene ndimafuna mumve ndi ichi. Nditaloledwanso ndinabwerera, ndipo ndinapempha ndekha diski yomwe ija. Mu gemu imeneyi kuti usunge pamene wafika umafunika kupeza taipilaita ndi ka inki kake, koma ife ma inki timangowanyamula ngati chithumwa chifukwa mkuluyo analibe memory card. Ndiye tsiku lililonse timayambira pachiyambi, chitseko chomwechija, zombi yomweija, kolido yomweija. Agalu aja anandilumphira kaya kangati, ndimadziwa windo lake, ndimadziwa kuti ndikaponda apa atuluka, ndipo kudziwako ndi kumene kumapweteka kwambiri, manja thukuta, mtima uli gu gu gu ndisanatsegule nkomwe chitseko. Koma akalumpha ine nkuthawa nkutulukira khomo linalo ndili moyo, chipinda chonse chimaphulika ndi kuseka, ndipo kukoma kwake sindinakupezepo mu mpira ngakhale nditagoletsa zigoli 5.

Mantha enieni amandidikira panja. Amene anali ku Blantyre, Thyolo kapena Mulanje chakumapeto kwa 2002 akukumbuka mphekesera za anamapopa, kuti kuli anthu akuyenda usiku kupopa magazi. Amayi anga amatseka chitseko dzuwa likangolowa, anthu ena amagona panja m'magulu kuopa kugona okha m'nyumba, ndipo ine ndikachedwa ku gemu ndimayenera kudutsa kanjira ka mdima pakati pa minda ya chimanga ndekhandekha. Pamenepo panalibe kuseka. Panalibe batani la pause, panalibe mnzako wokukuwira kuti thawira kumanja. Mu kanyumba ka gemu ndimaopa koma ndikudziwa kuti ndikatseka maso agalu atsala mu TV, pa kanjira kaja ndimaopa munthu aliyense wobwera kutsogolo kwanga, ndipo pano ndikudziwa kuti iyenso amandiopa ine, ndipo kuti m'masiku ngati amenewo kuopedwa nkoopsa kuposa kuopa.

Zinabweranso mu 2017, kuyambira September mpaka October yemweyu amene azungu amati ndi mwezi wa zoopsa. Bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ku Mulanje ndi ku Phalombe, anthu anatseka misewu nkumasecha magalimoto, ndipo anthu anaphedwa, ena kugendedwa, wina kuotchedwa mu Blantyre momwemuno, popanda amene anapezeka ndi ndowa ya magazi ngakhale imodzi. Ndiye pepani ndinene mosabisa, munthu akandiuza kuti gemu ya mu TV ndiyo imaitana zoipa ine mtima umawira. Amene anatola miyala chaka chimenecho sanaphunzire pa PlayStation. Ambiri a iwo kontrola sanaigwirepo. Mantha amene anapha anthu anali aja amene aliyense amawakhulupirira ndi mtima wonse ndipo palibe amene akanawazimitsa, osati awa a dala amene umagula wekha, kuwayatsa wekha, nkuwathimitsa nsima ikapsa.

Ndipo tisamaname kuti kusewera ndi mantha ndi za azungu. Agogo anga akuchikazi ku Dedza analibe magetsi koma usiku wa holide amatikhazika pamoto, "padangokhala", ife "tili tonse", nkuyamba za afisi amene mfiti zimakwera ngati njinga, za lichero louluka usiku, za mtsikana wokana amuna onse a m'mudzi amene anakwatiwa ndi mlendo wokongola osadziwa kuti ndi chilombo. Amadziwa pochepetsa mawu, amadziwa poima kaye nkusonkheza moto dala kuti tivutike, ndipo pamapeto amatha kungoombetsa m'manja kamodzi tonse nkugwerana. Imeneyo si jump scare, kudzidzimutsa kuja kwa mu ma gemu owopsa? Akatha amatuma wamng'ono kwambiri kuti katenge madzi kuseli, iwo akuseka mpaka kutsokomola. Mayi ameneyu samaphonya Misa ya Lamulungu. Nanga gule akatuluka kudambwe, ife ana timathawa mpaka kuluza ma silipasi, koma tikafika patali timaima nkucheuka, nkubwereranso pang'ono kuti atithamangitsenso. Sindikufanizira Gule Wamkulu ndi gemu ayi, eni ake angandimange, ndikungonena za miyendo ya mwana imene imathawa nkubwereranso yokha. Miyendo imeneyo tonse tinali nayo.

Za Halloween yeniyeniyo ine ndilibe nayo chidwi kwenikweni, ndipo ndikukuchitirani nsanje pa chifukwa chimodzi chokha, nyengo. Mwambowu mizu yake ili ku Ireland ndi ku Scotland, pa chikondwerero chakale chotchedwa Samhain chimene chimabwera zokolola zitatha dzinja lawo lozizira likuyamba, ndipo dzina loti Halloween likungotanthauza madzulo otsogolera tsiku la Oyera Mtima Onse, pa 1 November. Tsiku lotsatira, pa 2, Akatolika ngakhale kuno amapita kumanda kukapempherera omwalira, amayi anu mwina amadziwa zimenezo kuposa ine. Kwanu uko ma wotchi amabwezedwa ndi ola limodzi Lamulungu lomaliza la October, ndiye pofika pa 31 ku Leeds mdima umagwa 5 koloko isanakwane, masamba akuyoyoka, kamphepo kozizira, mvula yowaza, zonse zikukuthandiza kuopa. Kuno October ndi ng'anjo. Nyenje zikulira ngati zalipidwa, malata akuthetheka, iwe uli chifuwa pamtunda ndi kapu ya madzi ofunda, pa skirini munthu akunjenjemera mu nkhungu, ungaope bwanji ukupha udzudzu? Ine ndinaona kale kuti nyengo yathu ya ma gemu owopsa ndi June ndi July, chiperoni chikatsika mu Blantyre mpaka phiri la Michiru osaoneka, pamenepo ndiye eya. Koma ma sitolo a pa intaneti ngati Steam amatsitsa mitengo ya ma gemu owopsa kumapeto kwa October, ndiye nafenso timagula nthawi yomweyo nkusunga, kalendala ya eni ndalama.

Komanso pali vuto lina limene inu munalisiya pa eyapoti. Kusewera gemu yowopsa usiku magetsi nkuthima pakati pake, achemwali, ndi gemu ina payokha. Skirini yakuda, fani yaima, agalu a aneba ayamba kuuwa onse pamodzi, iwe uli ndi kontrola m'manja osadziwa kuti foni unaisiya pati. Mwana wa mlongo wanga atandionetsa Five Nights at Freddy's, ija ya 2014 imene umakhala mlonda wa usiku ukuwerengera mphamvu ya magetsi kuti isathe 6 koloko m'mawa isanakwane, chifukwa ikatha zitseko zimatseguka, ndinaseka mpaka misozi, ndinati mwana iwe imeneyi si gemu yowopsa, ndi moyo wa munthu amene mita yake yatsala ndi mayunitsi 2 pa 27. Ana omwewa ali ndi Granny m'mafoni a amayi awo, ka gemu ka nkhalamba yoyenda ndi chibonga m'nyumba imene imamva ukangogwetsa kanthu, amaisewera masana dzuwa lili pamutu akudya mango, ndipo makolo amene amadzudzula ine sadziwa nkomwe kuti ili mu foni mwawo momwemo pafupi ndi Baibulo la pa foni.

Ndasochera. Chimene chinandichedwetsa kuyankha si agalu, si magetsi. Ndi mzere umodzi wa mu imelo yanu, woti mumasamalira nkhalamba.

Bambo anga anadwala nthawi yaitali asanamwalire mu 2013, ndipo miyezi yomaliza gadiyani ndinali ine chifukwa alongo anga anali ndi ana aang'ono. Amene anakhalapo gadiyani akudziwa, kugona pa katoni pansi pa bedi kapena pakhonde, kuchapa zofunda m'bandakucha, kunyamula beseni, kuphika phala limene wodwala alawe kamodzi nkulikankha. Bambo anga anali munthu wofatsa moyo wawo wonse koma matenda anawasintha, amandikalipira pamaso pa wodi yonse, tsiku lina anataya phala dala nkundiuza kuti ndichoke ndisabwerenso, nditafika pakhomo nkundiitana ndi mawu a mwana kuti usandisiye. Ndipo panali usiku wina, sindinauzepo munthu kwa miyezi ingapo, umene ndinagona pa katoni paja ndikuganiza kuti zikanangotha. Osati kuti achire. Zingotha. Anamwalira patapita masabata atatu, ndinalira ngati aliyense, anthu nkumanditama kuti mwana uyu wasamala bambo ake, ine mkati ndikudziona ngati mfiti.

Miyezi ingapo pambuyo pake msuweni wanga anabwera kuchokera ku Joni ndi PlayStation 2 yakale ndi mulu wa ma diski, anandisiyira kuti ndizichotsa maganizo. Mmenemo munali Silent Hill 2, ya Konami, ya 2001. Ndinaiika ndikuyembekeza agalu ena. Mulibe agalu olumpha pawindo. Muli bambo wina dzina lake James Sunderland amene walandira kalata yochokera kwa mkazi wake Mary, yomuitana ku tauni ina ya m'mbali mwa nyanja, pamene iye akudziwa kuti Mary anamwalira ndi matenda zaka 3 zapitazo. Tauni yonse ili mu nkhungu, uli ndi kawailesi m'thumba kamene kamayamba kulira shiii chilombo chikayandikira, ndiye umamva zoopsa usanazione. Anthu amakonda kunena kuti mu Silent Hill yoyamba ya 1999 nkhunguyo inawathandiza kubisa kufooka kwa makina, kuti PlayStation siimatha kujambula patali, ndipo mu yachiwiriyi anaisunga chifukwa anaona kuti ndiyo mtima wa gemu. Zilombo zake, ngakhale chija cha chisoti chachitsulo cha makona atatu chokoka chimpeni pansi, sizinandigwetse kontrola. Ndimangoyenda, masiku angapo, usiku uliwonse pang'ono.

Chakumapeto kuli kolido ina yaitali. Mulibe chilombo, mulibe chothawa, ukungoyenda, ndipo ukumva mawu a Mary ali m'chipatala akukalipira mwamuna wake amene wamubweretsera maluwa, akumuthamangitsa, kenako mawu akusintha akumupempha kuti asapite. Ndinaima pakati pa kolidoyo. Sindinadine pause, ndinangosiya kuyenda, ndinakhala pansi pa simenti nkulira kulira kumene sindinalire pamaliro, mpaka mlongo wanga anadzuka kuchipinda kwake kudzaona ngati kwabwera uthenga wina. Usiku umenewo ndi umene ndinamuuza za pa katoni paja, ndipo iye anangoti achimwene, inenso, ndipo ine sindimagona nkomwe kuchipatalako. Sindikuuzani mmene gemuyo imathera. Ndingoti anthu amene anaipanga ku Japan amadziwa chimene chimachitika mumtima mwa munthu wotopa ndi kudwazika, ndipo anachiika poyera pamene ife kuno timachikwirira ndi nyimbo za maliro.

Ndiye mukandifunsa ngati ma gemu amenewa ali ndi mphamvu, sindinganame kuti ndi zidole chabe. Ali nayo. Koma si ziwanda zochokera mu diski ayi, ndi katundu amene walowa naye wekha. Ine ndinalowa ndi bambo anga. Inu amene mumasambitsa agogo a eni tsiku ndi tsiku, ena akukutukwanani, ena akukuitanani ndi dzina la mwana wawo, ena mukupeza bedi lawo layalulidwa Lolemba, muli kutali ndi kwanu, mdima ukugwa 4 koloko, mulowa ndi katundu wanu. Silent Hill 2 anaipanganso mwatsopano, inatuluka pa 8 October 2024, anaikonza ndi a Bloober Team a ku Poland, ndipo ndikudziwa kuti mmodzi mwa anzanuwo aitchula chifukwa aliyense amaitchula. Imeneyo ikaneni. Osati chifukwa ndi yoipa, kwa ine palibe gemu yoiposa, koma si ya pabalaza ndi ma chipisi anthu akuseka, ndipo si ya chaka chino kwa inu.

Pamene ndafika apa ndinenenso za anzanuwo, chifukwa mtundu wawo ndimaudziwa. Pagulu lililonse pamakhala mmodzi amene cholinga chake si gemu, ndi inuyo. Amafuna akupatseni kontrola, azimitse magetsi, akuvekeni ma hedifoni, ayatse Outlast, ija ya 2013 imene ulibe chida chilichonse koma kamera ya mabatire osachedwa kutha m'chipatala cha amisala, kenako iye atulutse foni azikujambulani kuti mawa muli pa TikTok mukukuwa. Ameneyo si mnzanu wa gemu, ndi mlenje. Ndipo ma gemu ambiri a masiku ano apangidwira anthu ngati iyeyo, chinkhope chingoti ba pa skirini ndi phokoso lalikulu, basi, mobwerezabwereza, kuti wina wa pa YouTube agwe pa mpando mwadala. Kumeneko si kuopseza, ndi kudzidzimutsa, ngakhale mwana wobisala kuseli kwa chitseko amatha. Inde ndikudziwa, agalu anga aja analinso kudzidzimutsa komweko, koma anabwera kamodzi, gemu itandinyengerera kaye kwa nthawi yaitali kuti ndikhulupirire kolido ya zii, ndipo pambuyo pake windo lililonse m'nyumba monse ndimaliyang'ana ndi diso lina. Amnesia: The Dark Descent ya 2010, ya anyamata a ku Sweden, imatha kukusunga nthawi yaitali osakuonetsa chilombo, iwe ukubisala mu kabati kuthawa mphepo. Zimenezo ndiye luso. Zinazi ndi phokoso.

Za amayi

Musakangane nawo. Ine ndanena maganizo anga pamwambapa ndipo sindikubweza, koma mayi amene mwana wake ali kutsidya kwa nyanja, amene sangathe kubwera kudzaona ngati mwadya, akanena za ziwanda nthawi zambiri akutanthauza kuti ndikuopa uli wekha. Kuwatumizira mbiri ya Samhain pa WhatsApp sikuthandiza kanthu, ine ndinayesapo ndi amayi anga pa nkhani ina, anangoyankha ndi vesi ndi ka emoji ka manja opemphera. Ngati inuyo eni ake mumtima mwanu mukuona kuti chikhulupiriro chanu sichikulola, basi musasewere, khalani pakhitchini muzikazinga mbatata, palibe amene anafa chifukwa chosasewera gemu. Koma ngati ndi mantha chabe ndi mawu a amayi, ndiye kulakwa sindikukuona. Muwaimbire Lamulungu m'mawa akuoneni pa vidiyo kuti muli bwinobwino, maso awiri, mutu umodzi.

Musewere iti

Until Dawn, ya 2015, yopangidwa ku Guildford konko ku England. Achinyamata 8 m'nyumba ya paphiri usiku umodzi, gemu yake ili ngati filimu imene mumasankha zochita, ndiye mugawane anthuwo, aliyense wake, kontrola izizungulira, wanu akafa mwapuma. Muli magazi ndithu, ndi ya PEGI 18, kutanthauza ya anthu a zaka 18 kupita m'mwamba, koma pagulu imasanduka phokoso ndi kunyozana, ndipo pali malo amene imakuuza kuti usagwedeze kontrola ngakhale pang'ono, muone mmene dolo wa m'nyumbamo manja azinjenjemerera. Mukaimaliza pali The Quarry ya kampani yomweyo. Ngati magazi simuwafuna, Little Nightmares, kamwana ka jasi lachikasu kothawa zimphona, imeneyo ndi nthano ya agogo anga yeniyeni. Mukafuna mfuti m'manja kuti mtima ukhale pansi, Resident Evil 4 yatsopano ya 2023 pa Assisted, mulingo wake wosavuta. Nyale ikhale yoyaka, ma hedifoni ayi, voliyumu pansi chifukwa theka la mantha lili m'makutu, osajambulana, ndipo osasewera ngati mawa muli ndi shifiti ya m'mawa.

Ine Silent Hill 2 yatsopanoyo ndinagula chaka chatha mtengo utatsika, inandidyera bandulo ya mwezi wonse kuidawuniloda, ndipo ili pompo pa skirini, sindinaitsegulebe. Akazi anga amandifunsa kuti ndalama zija munatayiranji, ndimangoti ndikudikira chiperoni. Chiperoni chinabwera nkupita. Mukasewera Loweruka loyamba mundilembere, ndikufuna ndidziwe amene wayamba kuponya kontrola, ndipo ngati ndi inuyo onetsetsani kuti ndi yopanda chingwe.